Mkamwini Wonong'oneza Galu

Zaka makumi awiri a Mlonda anaima pa geti la fakitale ya matumba, chingwe cha galu chili m'manja. Atapuma ntchito dzinalo linawatsalira, ukali nawonso. Ankati galu salakwa, olakwa ndi eni ake.

Kunyumba ya lendi anali ndi galu wakuda wa khutu limodzi logwa. Iwo akati "Pansi!" ankagona pomwepo. Koma tsiku lina ali kuchipatala, galuyo analumphira mwini nyumba n'kumung'ambira malaya.

"Loweruka ndibweranso," anatero mwini nyumba. "Ndidzaloza aliyense pakhomo pano. Galu akapanda kumumvera, achoke."

A Mlonda anandandalika banja lonse pabwalo, pafupi ndi waya woyanikapo zovala.

"Inu mayi mumati 'tasiya, mwanawe'. Munabereka galu inu? Iwe mwana wanga umati 'shii' ngati ukuingitsa nkhuku. Mawu ndi amodzi: Pansi!"

"Mwatiyesa asilikali?" anadandaula akazi awo. Komabe pofika Lachitatu galu ankawamvera, iwo ndi mwana wawo yemwe.

Vuto linali mkamwini, telala wosokera pakhonde. Pamaso pa apongozi ake sankakweza mawu. Ankapinda mawondo pang'ono, manja kumbuyo, n'kunong'ona kuti, "Pansitu."

"Mukumufunsira banja galuyo? Kalipani!"

"Ndayesetsa, bambo."

"Mwayesetsa chiyani? Ulusi ukaduka mumazazira makina, ndimakumvani ndili kuchipinda!"

Galu ankangogwedeza mchira, n'kumunyambita telala zala. A Mlonda chakudya sichinkatsika.

Loweruka mwini nyumba atangolowa, chala chake chinalunjika kwa telala. Galu anayamba kuuwa, akukoka unyolo mpaka msomali kugwedera. Telala anayang'ana galu, anayang'ana apongozi ake.

Apo a Mlonda anaona chimene chinkamutseka pakamwa munthuyo. Anamenyetsa chipewa pansi n'kupita kuseri kwa bafa, akulalata okha.

"Pansi!"

Mawu a telala anagunda malata. Unyolo unangoti zii.

"Chabwino, akhale," anatero mwini nyumba potuluka.

A Mlonda anatulukira maso ali psuu.

"Zaka zonsezi ndi agalu, lero kuti galu wanga amvere ndizikabisala kubafa? Pakhomo panga pomwe?"

Telala anatola chipewa, n'kuchisasa fumbi.

"Pepani, bambo," ananong'ona.