Gudumu Lopaka Mwaye

Amalume anali ndi kansungwi kotalika ngati chala cha munthu wamkulu, kosemedwa timipata tiwiri. Ankakasunga kuseri kwa khutu monga momwe aphunzitsi ankasungira pensulo. Kansungwi ako n'kamene ankayezera ngati magudumu awiri a ngolo zawo zoseweretsa atalikirana bwino. Mlomo wa gudumu lililonse, uja umene umagwira njanji kuti ngolo isatuluke, unkayenera kulowa m'kampata kake, osathina, osakhwepa. Ukalephera, gudumulo linkapita pamoto ngakhale atalisema masiku atatu.

Chinali chilimwe cha masiku a Chitaganya, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala kwa Mwambo, kamtunda pang'ono kuchokera ku Kachulu. Bambo anga anali atamwalira, choncho pakhomo panali amayi, ine, ndi amalumewo, mlongo wawo wa amayi, amene anali atangobwera kuchokera ku Joni. Kumeneko anakhala zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mgodi, akukankha ngolo za miyala pa njanji. Anzawo ankabwerako ndi njinga, majekete ndi galamafoni. Iwo anabwera ndi kabokosi ka zitsulo zosemera, ndipo sankalankhulalankhula.

Tsiku lonse ankakhala pakhonde akupanga sitima. Ngolo zinali zinayi, iliyonse yokwana m'manja awiri. Njanji zinali nsungwi zong'amba, zokhomeredwa pa matabwa. Ngolozo anazimaliza msanga, koma magudumu anawadyera miyezi. Oyamba ankatsimphina chifukwa bowo silinali pakati penipeni. Ndiye anayamba kukhoma msomali poyamba, kumangirira ulusi ndi kakhala, n'kuzungulitsa, kenako n'kusema motsata mzerewo. Bowo ankaliboola ndi sipoko ya njinga yowotcha pamoto, ndipo mpaka lero fungo la mlombwa wopserera limandikumbutsa khonde lija. Magudumu ena milomo inkabenthuka, iwo n'kuyambanso ndi mtengo wina wouma bwino. Akamaliza ankawawaula pamoto pang'ono n'kuwapaka mafuta a nsatsi, kuti ade ngati chitsulo komanso asalire. Kenako ankagoneka khutu pa thabwa, n'kukankha ngolo ndi chala chimodzi. "Imva," ankatero. "Ili likugunda." Ine sindinkamva kanthu.

Ndinkawaopa amalume, ndipo sindinali ndekha. Mwezi umene anafika, anapita ku Kachulu kukagula matemba. Anyamata ena ankatsitsa mgolo wa palafini m'lole, mgolowo n'kuwapulumuka, n'kumagubuduka ukulindima. Amalume anakuwa m'chilankhulo cha ku mgodi, n'kudumphira mkulu wina wogulitsa nsomba, kumugwetsera pa thandala loyanikira matemba. Mkuluyo anathyoka mkono. Abale ake, Asilamu odziwana ndi amayi, anakhululuka. Koma akuluakulu a banja lathu anakhala pansi, ine ndikusankha mpunga kuseri kwa nkhokwe, n'kugwirizana kuti zikadzachitikanso, amalume adzapita ku Zomba, ku chipatala cha amisala. Kumudzi kwathu tinkadziwa anthu amene anapita kumeneko, koma obwerako sitinkawadziwa.

Madzulo ake amayi anandigwira khutu. "Za amalume ako usakhudze. Ukawakwiyitsa, tiwataya." Kuyambira pamenepo ndinakhulupirira kuti matenda a amalume ndi mkwiyo, ndipo kuti mwana wopusa m'modzi angathe kuwadzutsa.

Mwana wopusayo ndinali ine. Ndinali ndi pakamwa, chimene sichinandichokebe. Kumadzi ndinali nditauza anzanga kuti kwathu kuli sitima, iwo n'kumandiseka kuti mwana wa m'nyumba ya wamisala nayenso wayamba. Tsiku limene amalume anapita ku Songani kukafuna masipoko, akuti akakhala masiku anayi kwa mnzawo, amayi ali kudimba, ndinabisa ngolo yaing'ono kwambiri munsalu n'kutsikira nayo kunyanja. Anzanga aja anangoti kukamwa yasa. Tinaidzaza zigoba za nkhono, kuimangirira luzi, n'kumaikoka m'mphepete mwa bango mpaka inatitimira m'matope. Ndinaitsuka ndi madzi a Chilwa, amchere aja. Pofika kunyumba magudumu anali atafufuma, osazunguliranso.

Nzeru za mwana zinandiuza kuti chonyowa chimafuna moto. Ndinaiika pafupi ndi mafuwa. Sipanapite nthawi, ndinamva kuti thee, ngati chimanga chokazinga. Gudumu limodzi lakumbuyo linali litang'aluka pakati, zibenthu ziwiri zili paphulusa. Ndinangokhala pansi pomwepo. M'maso mwanga ndinkaona amalume atamangidwa manja, akukwera mtunda wa ku Zomba chifukwa cha ine.

Kusema sindinkatha, koma kuumba ndinkatha, pakuti timiphika ta masanje tonse ta anzanga ndinkaumba ndine. Ndinakatapa dongo kudambo. Ndinavula gudumu labwino, kulidinda pa dongolo kuti ndione kukula kwake, n'kuumba langa ndi mlomo womwe, bowo n'kuboola ndi kaudzu. Loyamba litauma linachepa, chifukwa sindinkadziwa kuti dongo limanyala. Lachiwiri ndinalikuza, koma linaphulika m'phulusa lamoto poti ndinaliotcha lisanaume. Lachitatu linatuluka lofiira, lolira bwino ndikaligogoda ndi chikhadabo. Ndinapala mwaye kudenga la khitchini, kusakaniza ndi mafuta a nsatsi a amayi, n'kulipaka mpaka linada ngati anzake. Zibenthu za mlombwa zija ndinakazitaya m'chimbudzi. Ndinene zoona, pakati pa mantha onsewo ndinadzitama mumtima, chifukwa gudumu lija linali lokongola.

Amalume anabwera, ndipo sanazindikire. Maso awo onse anali pa mutu wa sitima umene ankaupanga ndi chitini, ngolo zinayi zija zili pa thabwa m'kona. Milungu iwiri yotsatira ndinaonda. Akangotambasula dzanja kuloza kukona, ine ndinkazemba n'kutuluka panja. Akandiitana kuti ndiwapatse madzi, ndinkangotula chikho n'kuthawa osawayang'ana. Amayi anaganiza kuti ndili ndi njoka zam'mimba, n'kundimwetsa mizu yowawa masiku atatu. Ndinamwa osadandaula, poganiza kuti mwina chilango changa ndi chimenecho ndipo nkhani yatha.

Kenako aphunzitsi anabwera kunyumba. M'buku lathu munali chithunzi cha sitima, koma m'kalasi monse munalibe ndi mmodzi yemwe anaionapo ndi maso. Anapempha kuti amalume abwere nayo kusukulu, ana aone. Ndikuganiza kuti ankafunanso kuti mudzi uone kuti munthuyo ali ndi nzeru zake, pakuti anali munthu wachifundo. Amayi anasangalala mpaka anapatsa aphunzitsiwo nkhuku. Amalume anavomera ndi mutu. Ine ndinapemphera kuti mvula igwe pakati pa chilimwe, kapena aphunzitsiwo adwale malungo. Ndinkadziwa kuti chofunika ndi kuulula, ndipo kawiri konse ndinaima pamaso pa amayi, koma n'kuchokapo ndisanaulule. Lero ndikaona mwana wanga kapena mdzukulu akuzungulirazungulira pafupi nane osanena kanthu, ndimasiya chimene ndikuchita.

Tsikulo kunali dzuwa loswa mtengo. Sukulu yonse inasonkhana pansi pa mango. Amalume anavala shati yoyera, analumikiza matabwa a njanji atatu, n'kutsamiritsa mbali imodzi pa benchi kuti pakhale chitsikitsiki. Aang'onoang'ono anatikhazika kutsogolo, kumunsi kwenikweni kwa njanji. M'ngolo anadzazamo timiyala. Kenako anachotsa kansungwi kuseri kwa khutu, n'kuyamba kuyeza magudumu awiriawiri monga ankachitira nthawi zonse asanayendetse. Ngolo yoyamba. Yachiwiri. Ana anayamba kukankhana ndi kusokosa. Atamaliza yachitatu, aphunzitsi anayang'ana dzuwa n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, ana atopa kudikira. Ingoyendetsani, zili bwino izi." Dzanja la amalume linaima m'malere. Anayang'ana aphunzitsi, n'kubweza kansungwi kukhutu.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaganiza kuti Mulungu wandimvera.

Sitima inanyamuka pang'onopang'ono, kenako n'kuthamanga, magudumu akulindima pa nsungwi, ana akuwomba m'manja. Pa mfundo imene matabwa awiri anakumana, ngolo zitatu zinadumpha bwinobwino. Yachinayi itafika, gudumu langa linaphwanyika. Ngoloyo inapendekeka, kukoka zinzake, zonse n'kuchoka pa njanji, timiyala tikugubudukira kumene tinakhala.

Mfuu imene amalume anakuwa sindinaimvenso kwa munthu wina aliyense. Anadumpha matabwa aja, kundigwira ine ndi kamnyamata kamene kanali pambali panga, kutigwetsera pansi, iwo n'kutigonera pamwamba. Nkhope yanga inali m'fumbi. Ndinkamva fungo la fodya ndi thukuta, ndi mtima wawo ukugunda pamsana panga. Ankakuwabe m'chilankhulo cha ku mgodi, atatiphimba mitu ndi mikono yawo, ngakhale kuti timiyala tija tinali titaima kale, kakakulu kwambiri kosaposa dzira la nkhuku. Ana anabalalika, ena akulira, ena akuseka. Pamene aphunzitsi ndi anyamata akuluakulu anawakoka, kamnyamata kaja kanali katang'ambika mlomo, magazi ali pa shati yoyera ija.

Amalume anakhala pansi m'fumbi, akupuma mwabefu. Anatiyang'ana ife awiri kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatola kachibenthu kakuda pafupi ndi njanji, kukafinya ndi zala, n'kuona kuti m'kati ndi mofiira. Pamudzi ponse ankadziwa woumba timiphika. Anandiyang'ana, ine mkodzo unatsika m'miyendo.

"Unapaka mwaye," anatero, motsitsa mawu.

Ndinagwedeza mutu, ndikudikira khofi.

"Inenso ku mgodi ndinaliona gudumu la ngolo litang'aluka. Ndinapaka girisi kuti kapitawo asaimitse ntchito. Kumunsi kunali anthu atatu."

Mawu amenewo ndinawamva onse, ndipo ndawanyamula moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo anangodutsa. Chimene ndinagwirapo n'chakuti amalume sakukalipa, ndiye kuti sanakwiye, ndiye kuti mwina sapita. Ndinatola ngolo zija n'kuwatsatira kunyumba, ndikudzitonthoza choncho.

Patapita masiku awiri, m'mawa, anafika amuna awiri a m'banja lathu. Sipanafunike kuwamanga. Amalume anali atasamba kale, atavala nsapato zawo za ku mgodi. Anapereka kabokosi ka zitsulo kwa amayi, anandisisita pamutu, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba wapansi, iwo patsogolo, amuna awiriwo pambuyo. Amayi anaima m'mphepete mwa munda wa chinangwa mpaka anthuwo anabisika ndi mitengo.

Pamenepo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinawagwira chitenje n'kuulula zonse ndikusisima, kuyambira matope a kunyanja mpaka mwaye wa kukhitchini. Ndinawapempha kuti athamange akawauze amuna aja kuti wolakwa ndine, amalume abwerere. Amayi sanandimenye, sanandiyang'ane n'komwe. Maso ali kunjira, anati, "Gudumu limene lawatengera amalume ako ku Zomba si lako, mwananga."

Ndinaganiza kuti sanandimvetse. Ndinawakoka chitenje, n'kubwerezanso mokweza kuti ndinaliumba ndine, ndi manja angawa.