Nkhope imene kamera inakana

Zaka zimenezo ndinali wojambula zithunzi pa Phalombe, ndipo ndinali ndi kamatenda kanga. Mvula ikakata ndinkakonda kujambula phiri la Michesi likuoneka chadodolido m'zithaphwi za mumsewu. Ndinkadziyesa katswiri.

Tsiku lina ndinamalizira filimu yonse pachithaphwi cha pafupi ndi msika. Podzuka ndi matope m'mawondo, ndinapeza mtsikana wina wa kwa Kaduya, dzina lake Esinati, akundidikira. Anavala diresi lobwereka, nsapato atanyamula m'manja kuti zisade.

"Achimwene, mundijambuleko. Ndikufuna nditumizire chibwenzi changa ku Limbe."

Ndinachita manyazi kunena kuti filimu yathera pamadzi akuda. Ndinamuimika bwinobwino, ndinamuuza kuti amwetulire, n'kuwalitsa fulashi kamera ilibe kanthu.

Zithunzi zanga zija zitatsukidwa, phiri silinaoneke n'komwe. Munangotuluka matope ndi chipumi changa.

Patatha sabata ziwiri Esinati anandipeza ndikusewera bawo ndi anzanga.

"Chatuluka, achimwene?"

"Chemwali, kamera yakana nkhope yanu," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Filimu yonse yapsa."

Anthu anaseka mpaka wina anagubuduza bawo, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Esinati anadzigwira patsaya ngati akufunafuna pomwe panalakwika.

"Pepani, achimwene, ndakuwonongerani," anatero motsitsa mawu.

Mpaka lero sindinaiwale zomwe ndinayankha. Ndinamuuza kuti asadandaule, ndamukhululukira.