Gitala ya bambo yagulidwa

Moni nonse abale.

Tangofika kumene kuchokera ku Chipata ndi bambo. Gitala yamagetsi imene tinasonkherana ija yagulidwa!

Ine ndinathamangira yofiira, yotchipa. Bambo anaiyang'ana ngati akuyeza mpini wa khasu. "Khosi lake ndi lokhota, nsambo zizingosokonekera." Yodula kwambiri anaikananso: "Ana anga asagone ndi njala chifukwa cha nyimbo."

Anasankha yapakatikati, yakuda, yolimba bwino. Mwini sitolo atailumikiza kumagetsi, bambo anaimba nyimbo imene ankaimbira malemu amayi pa banjo ya chigubu. Misozi yawo inali chuchuchu. Akuti ndikuthokozeni nonse, mmodzimmodzi.

Koma abale, kwathu ku Dambe kulibe magetsi. Tiwapezere batire la galimoto, kapena azikaimbira kutchalitchi?