Dzina limene ndinalemba pa lole ya Tadala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa pepala lomatidwa pakhoma la chigayo ku Kamwendo. Ankafuna mphunzitsi wa sukulu ya mkaka wokhala ndi satifiketi. Yanga inali itagona m'sutikesi chaka chathunthu. Mwini sukuluyo, Mayi Nkhoma, anandilola kuti ndizibwera ndi Tadala, mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. "Miyezi itatu ndikuonani kaye," anatero. Mawu amenewo ndinkagona nawo, n'kudzuka nawo.

Anthu amaganiza kuti ntchitoyi ndi kuimbitsa ana nyimbo basi. Ayi ndithu. Ndinkafika 6 koloko, kusesa, kuyala mphasa, kudzaza ndowa ya mpopi yosambira m'manja, kutsuka zoseweretsa m'beseni la madzi a klorini n'kuziyanika pathandala. Kenako kaundula, phala la 10 koloko, ndi kuperekeza ana kuchimbudzi mmodzimmodzi. Zoseweretsa zinkakhala m'makatoni awiri. Pa ina Mayi Nkhoma analembapo ndi cholembera cha maka kuti ANYAMATA, ndipo munali magalimoto, mpira ndi timatabwa tomangira nyumba. Pa inayo ATSIKANA: zidole, timapoto, kamtondo ndi kamunsi kake. Ku koleji anatiphunzitsa kuti mwana azisankha yekha, ndipo funso limenelo ndinalikhoza pa mayeso. Koma za makatoniwo sindinafunse. Ndinkaopa.

Tadala zidole analibe nazo ntchito. Sukulu ili m'mbali mwa msewu waukulu, ndiye lole ikamadutsa kupita kumalire ankathamangira kumpanda kukawerenga matayala. "Mama, bwerani! Iyi ili ndi ambirimbiri!"

Mwezi wachitatu kunali tsiku la makolo, ndipo mwana aliyense anayenera kupanga choseweretsa ndi zinthu zotola. Tadala anatenga mapaketi awiri a mkaka, zitsekerero za mabotolo ndi timitengo ta nsungwi kuti apange lole. Ine ndinangomuboolera zitsekererozo ndi msomali. Ngolo anailumikiza ndi kawaya kuti izikhota. Pamwamba anafunditsa kansanza kobiriwira ngati tenti ya katundu, n'kukamanga ndi ulusi. Sabata yathunthu ali pomwepo, lilime lili kunja.

M'mawa wa tsikulo tikuyala zinthu patebulo, Mayi Nkhoma ananyamula loleyo n'kufunsa kuti ndi ya ndani. Nditawauza, anaibweza pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, makolo akaona mtsikana ndi lole ati tikuwasokoneza ana. Ndiye mwana wa aphunzitsi amene! Mnyamata uja Yamikani yake sanamalize. Lembanipo dzina lake, bambo ake ndi adalaivala, asangalala."

Sanakalipe. Za miyezi itatu sanatchule n'komwe. Ndinatchula ndekha mumtima. Ndinadula kapepala ka manila, ndinalemba YAMIKANI, n'kumata ndi selotepi pa loleyo. Ndi dzanja langa lomweli. Dzina la Tadala ndinaliika pa chidole cha chitsononkho chimene ndinapanga ine.

Tadala sankadziwa kuwerenga, koma chilembo chake ankachidziwa, poti ndinamuphunzitsa ndine. Anayang'ana kapepalako nthawi yaitali.

"Mama, T wanga ali kuti?"

"Khala chete, ndikugulira fulizesi," ndinamunong'oneza.

Bambo Tembo, bambo ake a Yamikani, anafika akuchokera kumalire, lole yawo ataimika panjira. Ananyamula ya patebuloyo, kuitembenuza, kukhotetsa ngolo.

"Eh-eh! Mpaka ikukhota! Mwana wa dalaivala uyu! Yami, wapanga wekha, mfana wanga?"

"Ndi ya Tadala," anatero Yamikani. "Yanga ilibe matayala."

Makolo amene anali pafupi anasiya kucheza. Bambo Tembo anawerenganso kapepala kaja.

"Madamu, apa analemba ndani?"

"Ndine."

"Nanga Tadalayo ndi mwana wa ndani?"

"Wanga."

Bola akanandinyoza. Ananjuta pamaso pa Tadala n'kumutambasulira loleyo. "Abwana, tenti iyi mwamanga bwino kuposa ine. Pa boda timaima pamzere ndi azimayi oyendetsa malole a mafuta, ndipo pokhota satiyang'ana n'komwe. Tengani galimoto yanu."

Tadala anabisa manja kumbuyo. "Palibe T wanga."

Ndinamatula kapepalako anthu onse akuona, ndinalemba TADALA, n'kumata pa loleyo. Anailandira, koma ine sanandiyang'ane. Fulizesi anakana. Poweruka loleyo anaisiya pansi pa tebulo, ndipo sanaiseweretsenso.

Lolemba lake ndinakhuthulira makatoni awiri aja m'beseni limodzi, n'kudikira kuti andichotse ntchito. Mayi Nkhoma anasuzumira, anati, "Bola muzitola mukamaliza," n'kupita ku ofesi. Basi. Miyezi itatu inatha, ntchito inapitirira. Chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri. Ndikanangonena kuti ayi m'mawa uja, mwina zikanathera pomwepo. Ndinagulitsa mwana wanga kwa mantha anga omwe.

Panopa mwana akapanga chinthu m'kalasi mwanga, maka ndimapatsa iyeyo kuti alembe yekha chilembo chake, ngakhale chituluke chokhota. Amene akuyamba ntchitoyi ndimawauza kuti mwana amene sadziwa kuwerenga amadziwabe zimene mwalemba.

Tadala ndinamupepesa, kangapo konse. Amangoti, "Chabwino, Mama." Tsiku lina ndikusesa kunyumba ndinapeza lole ina pansi pa bedi, yaikulu kuposa yoyamba ija. Sanandionetse, sanandipemphe msomali. Nditaitembenuza ndinapeza T wamkulu wolembedwa ndi khala, kunsi, pakati pa matayala, pamene munthu sangamatepo pepala.