Mkaka wa ku Uvuni wa Laimu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amalume anga, a Saidi, ananditengera ku ganyu yosefa laimu m'mapiri a kufupi ndi Balaka. Akuluakulu ankaotcha miyala mu uvuni n'kuithira madzi kuti ifumbutuke, ife n'kumasefa ufa wakewo. Pofika masana tonse tinkakhala titayera mbuu ngati mizukwa, m'mphuno mukuyaka, malovu akuwawa.

Poweruka, mwini uvuni ankatipatsa kapu ya mkaka aliyense. Ankati mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa. Tinkakhulupirira, ndipo panalibe wotseka pamphuno.

Ine ndekha amalume anandimanga kansalu konyowa kumaso. Anyamata anzanga anafa nazo nseko.

"Taonani, mkwatibwi wafika! Tilulutire?"

Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinakamasula kansaluko n'kukaponya pamoto.

Ndinkayembekezera kumenyedwa khofi. Koma amalume anangondikokera kuseri kwa uvuni, navula malaya.

"Ika khutu pamsana panga, mphwanga. Usayankhule."

M'chifuwa mwawo ndinamva kulira ngati kwa mluzu wothetheka, ndiponso pansi pake china chikukhwekhwereza ngati munthu akukoka thumba pamchenga.

"Mkaka ndamwa zaka zonsezi," anatero. "Umapita m'mimba. Fumbi limapita kwina."

Amalumewo ndiwo ankaitana anthu kumapemphero pamzikiti wa m'mudzi mwathu. Ndili wamng'ono, azana yawo inkamveka mpaka kunjanji. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuimvetsera mosiyana. Mawu amene kale ankawakoka ndi mpweya umodzi, tsopano ankawadula pawiri, kenako patatu. Anthu ankati ndi ukalamba, chonsecho munthuyo analibe ndi imvi zomwe.

Lachisanu lina masana, azana inaima pakati. Amayi anasiya kupeta. Mudzi wonse unadikira. Chimene chinabwera ndi chifuwa, chouma, chosatha. Patapita kanthawi, mawu a munthu wina anamaliza. Amalume sanaitanenso, ndipo mvula ya chaka chotsatira inagwa pamanda awo.

Lero ndimapopera magalimoto penti ku Liwonde. Ndikudziwa tsopano kuti kansalu kaja nakonso sikakanatchinga zonse, kungoti ndi kokhako kamene amalume anali nako. Anyamata anga ndinawagulira masiki enieni, okhala ndi zosefera mpweya m'mbali. Tsiku lina ndinapeza mmodzi atapachika yake pakhosi, utsi wa penti uli tolo.

"Bwana, kukutentha. Ndimwa mkaka madzulo."

Ndinakalipa mpaka a mugalaja yoyandikana nafe anatuluka kudzaona. Amati ndine wankhanza. Anene. Chimene chikupha munthu pantchito nthawi zambiri sichipweteka tsiku lomwelo, n'chifukwa chake timachiseka.

Mpaka pano azana ikayamba, ndimaima, n'kugwira mpweya, kudikira ngati woitanayo afike kumapeto.