Mfuti Imene Ndinakana Kupatsa Mlamu Wanga

Amuna anga anamwalira m'zaka zija mafakitale a nsalu a mu Livingstone ankatsekedwa motsatizana, umbava nkuchuluka. Ankayendetsa galimoto yonyamula alendo kuchokera ku eyapoti. Anandisiyira ana atatu, nyumba ku Nottie Broadie, ndi mfuti imene ankasakira nkhanga. Laisensi yake inali m'dzina lawo, ndipo mfutiyo ankaikhomera mu wadirobu.

Patapita sabata chiikire maliro, abale awo anabwera kudzagawana katundu. Anatenga firiji, wailesi ndi masuti, ine osawaletsa. Kenako mlamu wanga, mng'ono wa malemu, anatambasula dzanja.

"Ba mulamu, nipatseni kiyi. Mfuti ni ya mkulu wanga, manje ni yanga."

Munthuyo ndinkamudziwa. Akaledzera ankalusa, ndipo mkazi wake anathawirapo kwathu kawiri, mwana kumsana, mlomo utatupa. Tsiku limenelo mkaziyo anali atakhala pamphasa pafupi nane, ndipo atamva za mfuti anazolika.

"Siningakupatseni," ndinatero.

Apongozi anga anadabwa. "Mwana wanga, akawalala othyola nyumba ni ambiri masiku ano. Mfuti ikhale m'banja."

"Amayi, pepa ya mfuti inalembedwa dzina la munthu mmodzi, ndipo munthuyo tamuika."

Anachoka akung'ung'udza, nati abweranso Loweruka. Sindinadikire. M'mawa mwake ndinakulunga mfutiyo m'zitenje ziwiri, zipolopolo ndi laisensi ndinaika m'chikwama. Ndinali ndisanaigwirepo, ndipo kulemera kwake kunandidabwitsa. Woyendetsa takisi ataona mpope wa mfutiyo anakana kundinyamula, choncho ndinayenda pansi mpaka m'tauni, dzuwa likuswa mtengo, ndikusinthasintha phewa.

Wapolisi amene ndinam'peza anali wachikulire. Anatsegula mfutiyo pakati, nasuzumira mkati, nawerenga zipolopolo. Anandifotokozera kuti mfuti salowa ngati dzina: aliyense woifuna apemphe yekha laisensi, ndipo apolisi amayamba afufuza khalidwe lake. Anandilembera kapepala kosonyeza kuti ndaipereka.

Loweruka mlamu anabwera ndi amalume ake. Ndinatsegula wadirobu, ndinawaonetsa kapepalako.

"Mwagulitsa m'bale wathu ku boma!" anakuwa mlamu.

"Ili ku polisi, siinasowe. Pitani mukalembetse. Akakupatsani, ine nilibe mawu."

Sindinakhale pansi mpaka atatuluka pageti.

Mlamu sanapite kukalembetsa. Kwa zaka ziwiri abale a amuna anga sanaponde pakhomo panga, ndipo kutchalitchi ena ankanditcha mkazi wouma mutu. Zinandipweteka, makamaka ana akafunsa za agogo awo. Akuba anatithyolerapo khitchini kamodzi masana, ife tili kumsika, natenga mapoto onse. Ndinaitana wowotcherera zitsulo kudzaika mabagala otchinga akuba m'mawindo, ndinapezanso galu. Apongozi anadzabwera okha mwana wanga wamkulu atakhoza giredi seveni, atanyamula nkhuku yamoyo m'manja.