Majuzi a Pansi pa Belo

Ine ntchito yanga ndi salaula, zovala zakale zobwera m'mabelo, ndipo pamsika wathu ku Chipata ndi ochepa amene amandiposa pakamwa. Ndikhoza kukugulitsani jekete la mkono umodzi waufupi, inu n'kupita mukuthokoza. Wamalonda aliyense ali ndi kaitanidwe kake. Kanga, kukayamba kuzizira, ndi kakuti, "Gwira juzi, gwira juzi, Juni wafika-a!" Kumapetoko ndimakweza mawu ngati tambala wa chimfine, moti ana a ku Nabvutika, kumene ndimakhala, amandiyeseza ndikamadutsa.

Pakhomo la msikawo pamakhala bambo ena osaona, oimba gitala. Gitalayo ndi wakale, womangidwa ndi waya pakhosi, koma akamukhudza ngakhale onyamula katundu amaima thumba lili pamutu. Zimene anthu amawaponyera m'mbale sadya okha. Chaka chilichonse amagulira zofunda ana a m'midzi ya cha ku Tamanda, kwawo kwa mayi awo. Anthu amawakonda kwambiri. Ife amalonda timawakonda, komanso timawaopa.

Panali mnzathu wina wogula mtedza amene sikelo yake inkabera alimi. Bambowo sanamutchule dzina. Anangoimba za sikelo yanjala, n'kumatsokomola pakati pa nyimbo monga ankatsokomolera iyeyo. Sabata isanathe ana ankamuimbira kumbuyo, amayi akulavula akamadutsa. Tsiku lina anthu anagubuduza tebulo lake n'kumuthamangitsa ndi miyala, ine ndikuona. Ndimamva kuti ali ku Mwami, akutsuka matayala a malole.

Zonsezi ndinkazidziwa Lolemba lija pamene bambowo anaima pabenchi langa ndi ndodo yawo.

"Iwe tambala, ndamva uli ndi majuzi a ana."

"Alipo, bambo. Ochokera kumene anthu amazizidwa zenizeni."

Tinatsutsana mtengo nthawi yaitali. Bambowo satopa msanga. Ananditsitsa, nanditsitsanso, mpaka amayi ogulitsa zitenje pabenchi loyandikana nane anayamba kuseka. "Lero a neba mwakumana nawo akuluakulu!"

Kusekedwako kunandilowa. Pansi pa benchi ndinali ndi majuzi a pansi pa belo, amene makoswe anachitirapo ukwati. Ena analibe chigongono, ena bowo pamsana lolowa nkhonya. Amayi aja atatembenuka kukathandiza kasitomala, ndinawapinda mabowo ali mkati, ndinadzaza thumba, pamwamba n'kuikapo anayi abwino. Bambowo anapapasa anayiwo, msoko ndi msoko.

"Onse ali chonchi?"

"Onse, bambo. Ine ndinganame kwa inu?"

Bambowo anatenga ndodo yawo. Kenaka anati, "Loweruka ndikupita nawo." Wa njinga anamanga thumba pakaliyala, n'kumapita.

Ndinadzitama tsiku limodzi lokha. Lachiwiri m'mawa, ndikuyala katundu, ndinamva gitala kukhomo kuja. Panalibe mawu, zingwe zokha. Kanyimbo kakafupi, kotsika, kotsikanso, kenaka kokwera kumapeto ngati tambala wa chimfine. Kanali kaitanidwe kanga. Anakaimba kamodzi n'kupita ku nyimbo ya kutchalitchi, ngati palibe chachitika.

Tsiku limenelo sindinaitane malonda. Ndinaopa kuti ndikangotsegula pakamwa, anthu aphatikiza ziwirizo. Ndinakhala duu ngati ndikugulitsa mabokosi a maliro.

Lachitatu anakaimba katatu, ndipo kanali katamera miyendo: kumbuyo kwake kunali nyimbo yathunthu, yokoma zedi, yongosowa mawu. Onyamula katundu anayamba kuiimba ndi likhweru. Wina anadutsa pabenchi langa akuliza likhwerulo, ine n'kugwetsa mahang'ala onse.

"A neba," anatero amayi a zitenje aja, "kanyimbo aka ndikukadziwa. Ndinakamva kuti?"

"Pawailesi kapena."

"Iyayi. Nanga inu mwangoti zii bwanji masiku ano? Tambala wathu wadyedwa?"

"Pakhosi, amayi. Chifuwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chifuwa chimafunira. Ndinayamba kuyeza ndi maso mtunda wochoka pabenchi kufika kumpanda wakumbuyo, ndi kuona ngati munthu wa mimba ngati yanga angaulumphe. Mulu wa miyala ya omanga umene unali pafupi ndi chimbudzi, umene ndinkaudutsa miyezi yonse osauona, tsopano ndinkauona bwinobwino.

Lachinayi chakudya chinandikanika, ndipo mkazi wanga anandipanikiza mpaka ndinaulula. Anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Mwabera munthu wosaona?"

"Sindinabe, ndinangopinda."

"Mwabera ana. Ndiye mukuopa nyimbo? Ine ndikuopa kutuluka panja ndi nkhope iyi. Mawa mupite. Mukapanda kupita, mawu a nyimboyo ndikawapatsa ndine."

Lachisanu m'mawa ndinatsegula belo latsopano, ndinasankha majuzi abwino okhaokha, amene ndikanadyerapo mwezi wonse, n'kufunsira njira ya kunyumba kwa bambo aja. Ndinawapeza pakhonde, ali padzuwa. Majuzi anga anali mulu pamphasa, onse otembenuzidwa, mabowo ali poyera. Iwo anali ndi singano m'manja, akusoka chigongono, chala chikutsogolera ulusi.

"Odi, bambo."

"Lowa, tambala. Mawu abwerera?"

Ndinagwada. Ine amene sindisowa chonena, ndinangoti, "Ndabweretsa ena."

"Ika apo. Singano ina ili m'chitinimo. Awanso apita, ana ndi ambiri."

Ndinasoka mpaka dzuwa linafika pamutu, ndikudzibaya zala. Iwo ankapapasa msoko wanga uliwonse, wina n'kundibwezera. "Apa mphepo ilowa. Bwereza." Anandiuza kuti anadziwa thumba lisanamangidwe n'komwe. "Munthu wogulitsa chinthu chabwino amadandaula mpaka kasitomala atapita. Iwe unasiya kudandaula."

Ndinafunsa kuti, "Nanga nyimbo ija, bambo?"

"Ndamaliza kale kuipeka. Ili ndi mawu a mitundu iwiri. Sindinasankhe."

"Bambo, ndili ndi ana atatu. Benchi lija ndilo munda wanga."

"Mawa ubwere pakhomo paja, unyamule matumbawa. Usachedwe."

Loweruka msika unadzaza. Ndinaima pambali pa bambowo ndi matumba awiri, thukuta likutsika ngakhale kunali mphepo. Anthu anasonkhana, amayi a zitenje ali kutsogolo, manja m'chiuno. Bambowo anakonza zingwe pang'onopang'ono, mwadala ndithu. Kenaka anayamba kanyimbo kaja. Kotsika, kotsikanso. Atafika pokwera paja anagwira zingwe ndi chikhatho, pamsika ponse pali zii.

"Nyimbo iyi ili ndi mwini wake," anatero. "Aimalize yekha."

Ndinayang'ana mpanda. Unali kutali. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka sichinali tambala, chinali mwanapiye.

"Gwira juzi, gwira juzi, Juni wafika-a!"

"Ndinanena ine!" anakuwa amayi a zitenje. "Ndi a neba!"

Anthu anaseka, ine ndikudikira mwala woyamba. Gitala analira, bambowo n'kuyamba kuimba. Anaimba za mwana wopita kusukulu m'mawa manja ali m'khwapa, za juzi imene yachepera mwana wako koma ili m'sutikesi ikudyedwa ndi njenjete. Pothera pa ndime iliyonse ankandigunda mwendo ndi ndodo, ine n'kulira ngati tambala. Za makoswe sanatchule. Dzuwa lisanakwere, amayi ena anali atathamangira kunyumba n'kubwera ndi timajuzi, mpaka panafunika thumba lachitatu.

Tikumanga katundu panjinga, ndinawanong'oneza bambowo kuti zikomo.

"Usathokoze," anatero. "Mawu ena aja sindinataye. Ndi okoma kuposa awa."

Benchi langa likadalipo. Anthu amanditcha tambala wa bambo aja, ndipo ena amaganiza kuti ndine munthu wachifundo, zimene mkazi wanga akamva amatsamwa ndi tiyi. Kasitomala akagwira juzi, ndimaitembenuza ndekha, n'kumuonetsa m'khwapa ndi m'chigongono asanafunse. Ndipo m'mawa uliwonse wa Juni, gitala akayamba kulira kukhomo kuja, ndimasiya chimene ndagwira, n'kumvetsera mpaka nditamva kuti ndi mawu ati.